Mwana wa Wogulitsa Zimbale

Bambo Ben Glass anali ndi kasitolo mumzinda wa Baltimore ku America. Poyamba ankakonza mawailesi, kenaka anayamba kuikamo zimbale za galamafoni pang'onopang'ono, mpaka zimbalezo zinalanda malo onse. Wamalonda aliyense amadziwa kuwawa kwa katundu wogonera pashelefu. Ambiri amangotsitsa mtengo n'kulumbira kuti sadzaodanso. Bambo Glass ankanyamula zimbale zokanidwazo kupita nazo kunyumba, n'kumakazimvera usiku kuti adziwe chimene makasitomala ankazidera. Zinali nyimbo za Bartók, Shostakovich ndi Schoenberg, zimene anthu ambiri panthawiyo ankaziona ngati phokoso. Atazimvera mobwerezabwereza anayamba kuzikonda, ndipo anasanduka munthu wozichemerera kwa aliyense wolowa m'sitolomo. Mwana wawo Philip, wobadwa pa 31 Januwale 1937, ankazemba pogona n'kukakhala pamasitepe mumdima, kumamvera nawo.

Ntchito yoyamba imene Philip anagwira m'sitolomo inali yoswa zimbale. Makampani ankabwezako ndalama pa chimbale chowonongeka, choncho iye ndi mbale wake Marty ankapatsidwa zimene zakanika kugulidwa kuti aziphwanye. Mwana amene waswapo nyimbo ndi manja ake kuti ndalama ibwerere sangakule ndi maganizo akuti luso ndi chinthu chopatulika chosakhudzana ndi thumba. Komanso mwana amene waona bambo ake atakhala duu pakati pa usiku, akulimbana ndi nyimbo yovuta mpaka kuikonda, sangavomere kuti nyimbo ndi katundu basi. Philip Glass anatenga zonse ziwiri. Ndikamawerenga za moyo wake ndimaona kuti chimene chinamupulumutsa, chimenenso nthawi zina chimandikhumudwitsa pa iye, chinachokera m'sitolo muja.

Za sukulu tidutsepo mwachangu. Anaphunzira chitoliro ali wamng'ono pa sukulu ya zoimbaimba ya Peabody. Ali ndi zaka 15 analowa pa University of Chicago, kumene anaphunzira masamu ndi filosofi. Atanena kuti akufuna kukhala woimba, mayi ake, a Ida, omwe ankagwira ntchito mulaibulale, anamuchenjeza kuti adzathera m'mahotela ngati wachibale wawo wina woimba ng'oma. Iye anakagwira ntchito pa fakitale ya zitsulo ya Bethlehem Steel kuti apeze ndalama, n'kupita ku Juilliard ku New York. Atamaliza anakhala zaka ziwiri ku Pittsburgh akupekera nyimbo ana asukulu. Nyimbo zimene analemba pa zaka zimenezi zinali zambiri, zina zinasindikizidwa ndithu, koma pambuyo pake anazikana zonse. Zinali zolembedwa bwino, koma aliyense wophunzira bwino akanatha kuzilemba.

Mu 1964 anapita ku Paris kukaphunzira kwa mayi Nadia Boulanger, mphunzitsi amene anaumbapo Aaron Copland ndi ena ambiri. Glass anali ndi zaka 27, madigiri ali m'thumba. Mayiwo anamubweza koyambirira kwenikweni, kumulembetsa tsiku ndi tsiku timizere ta mawu awiri oyenda limodzi osagundana, monga mwana wongoyamba kumene. Anapirira zaka ziwiri. Ali komweko anapeza ganyu imene inasintha zonse. Ravi Shankar, katswiri wa sitar wa ku India, ankapeka nyimbo za filimu yotchedwa Chappaqua, ndipo pankafunika munthu woti azilemba nyimbozo m'manotsi kuti oimba a ku France athe kuziwerenga. Glass analemba, oimba anaimba, koma Alla Rakha, woimba ng'oma za tabla, ankangopukusa mutu. Vuto linali timizere toimirira timene Azungu amadulira nato nyimbo m'zigawo zofanana. Woimba akaona kamzereko amagogomezera noti yotsatira, ndipo kugogomezako kunkapha nyimbo ya Shankar. Glass atafufuta timizereto anaona chinthu chimene sukulu zonse zija sizinamuonetse. Nyimbo ya ku India imayamba ndi timagulu tating'ono, ta kugunda kuwiri kapena kutatu, n'kumatilumikiza mpaka kuzungulira kubwerera poyambira.

Pa mfundo imeneyi ndi pamene anamanga nyimbo zake. Amatenga kachidutswa ka manotsi asanu, n'kukabwereza kangapo. Kenaka amawonjezera noti imodzi, asanu aja akhala asanu ndi imodzi, n'kubwerezanso. Awonjezeranso, kapena achotsapo. Zili ngati munthu wotunga mikanda amene nthawi iliyonse akawonjezera mkanda umodzi amayambiranso kuwerenga chingwe chonse. Womvera wothamanga amati chimbale chadumphira pamodzimodzi. Woimba ndiye amadziwa kuti palibe pamene pakubwerera ndendende, ndipo akangoyendetsa maganizo kamphindi, anzake amusiya.

Ine nyimbo zake ndinazidziwira kwa mnzanga wina woimba kiyibodi kutchalitchi, amene mkati mwa sabata amakoka mawaya a magetsi m'nyumba za anthu. Tsiku lina kwaya itabalalika anandiitana kuti ndione kanthu. Inali nyimbo yotsegulira chimbale cha Glassworks cha mu 1982, ya piyano yokha. Dzanja lamanja limagunda katatu pa nthawi imene lamanzere likugunda kawiri, ndipo zimapitirira choncho mpaka kumapeto, mawu akusintha pang'onopang'ono pansi pake. Ndinkayang'ana zala zake, zokhakhala ndi pulayazi, chala chachikulu ndi chaching'ono zikungopendekera uku ndi uku pa makiyi omwewo, dzanja osasuntha n'komwe. Anandiuza kuti ndiyese pabenchi, katatu kumanja, kawiri kumanzere. Manja anga ankangokokerana kumodzi. Iye anaseka, n'kunena kuti palibe chachilendo pamenepo, ng'oma zakwathu zimachita zomwezo usiku wonse, yaing'ono ikuyenda patatu, yaikulu pawiri, ndipo palibe amene amadandaula kuti akubwereza.

Ananena zoona, ndipo mwina n'chifukwa chake khutu lakwathu silivutika ndi Glass monga ankavutikira akatswiri a ku Ulaya, amene ena mwa iwo ankaona nyimbo zake ngati chipongwe. Komabe sindifuna kumulanda kuti akhale wathu. Amene anapita ku Ghana mu 1970 kukaphunzira ng'oma ndi mnzake Steve Reich. Glass njira yake inadzera ku India, ndipo pamene anadzagwira ntchito ndi woimba kora wa ku Gambia, Foday Musa Suso, n'kuti kalembedwe kake katakhwima kale.

Anabwerera ku New York mu 1967 ndi nyimbo zimene panalibe gulu lofuna kuziimba. Apa ndi pamene mwana wa wamalonda anaonekera. Sanadikire kuti wina amuzindikire. Mu 1968 anasonkhanitsa anzake n'kupanga gulu lake, Philip Glass Ensemble, la malimba amagetsi, masakisofoni, zitoliro ndi mawu a munthu, zonse zokwezedwa ndi zokuzira mawu ngati gulu la rock. Ankaimba m'nyumba zoonetsera zojambula ndi m'zipinda za anzawo, chifukwa maholo a nyimbo za classical anali otseka kwa iwo. Pa konsati ina yoyambirira anthu anali owerengeka pa zala, mmodzi mwa iwo n'kukhala mayi ake, omwe anachita kukwera sitima kuchokera ku Baltimore.

Ndalama zodyera zinkachokera kwina. Anasamutsapo katundu wa anthu pa lole, anathandizapo wosema zitsulo Richard Serra, anakonzapo mapaipi a madzi, ndipo kwa zaka zingapo anayendetsa takisi. Pali nkhani imene iye mwini amakonda kufotokoza. Tsiku lina akulumikiza makina otsukira mbale m'nyumba ina ku SoHo, atagwada pansi, anatukula maso n'kuona mwini nyumba akumuyang'ana kukamwa kuli yasa. Anali Robert Hughes, wolemba za luso m'magazini ya Time, amene ankamudziwa Glass ngati wopeka nyimbo. Hughes anadabwa kuti munthu waluso akutani pansi pa sinki. Glass anamuyankha kuti ndi waluso inde, koma nthawi zina ndi pulambala, ndipo amupatse mpata amalize ntchito.

Anthu amaikonda nkhaniyi chifukwa imaseketsa. Chimene chimandigwira ine ndi chakuti ntchito zimenezi anachita kuzisankha. Munthu wa madigiri a ku Juilliard, wophunzira kwa Boulanger, akanatha kupeza malo ophunzitsa pa koleji ina, monga ankachitira anzake ambiri. Iye anaona kuti uphunzitsi udzamudyera mutu womwewo umene ankafuna kupekera nyimbo, komanso udzamuika pansi pa anthu oti aziyeza nyimbo zake. Paipi ikatha kulumikizidwa yatha, sikutsata munthu kunyumba. Takisi ukaibweza kugalaja, m'mawa ndi wako. Music in Twelve Parts, nyimbo yotenga maola oposa atatu imene anailemba kuyambira 1971 mpaka 1974, inalembedwa m'mamawa oterowo.

Chinanso chimene anachita, chimene ena ankachiona ngati umbombo, n'chakuti kwa zaka zambiri sankalola kuti manotsi a nyimbo za gulu lake apite kwa oimba ena. Wofuna kumva nyimbo za Glass ankayenera kuitana gulu la Glass ndi kulilipira. Anatsegula kampani yakeyake yojambula zimbale, Chatham Square, ndi ina yosunga umwini wa nyimbo zake, Dunvagen. M'buku la moyo wake, Words Without Music, lotuluka mu 2015, akufotokoza kuti mayi ake ali pafupi kumwalira chimene anamukumbutsa chinali umwini wa nyimbozo, ndipo iye anawatsimikizira kuti zonse zili m'manja mwake. Mayi amene ankaopa kuti mwana wawo adzathera m'mahotela anapita atamva yankho limene ankalifuna. M'mahotelamo anatheramo ndithu, poti wayenda dziko lonse akuimba, koma sanasainire munthu wina chuma chake pofuna ndalama ya lero.

Kenaka kunabwera Einstein on the Beach, opera imene anapanga ndi Robert Wilson. Inayamba kuonetsedwa ku Avignon ku France mu Julaye 1976. Imatenga pafupifupi maola asanu popanda kupumira, ndipo oonera amaloledwa kutuluka ndi kulowa mmene afunira. Ilibe nkhani yoti munthu angaifotokoze. Pali sitima, bwalo la milandu, bedi, chombo cha m'mlengalenga, ndi woimba vayolini wovala ngati Einstein. Kwaya siimba mawu a ndakatulo. Imawerenga manambala ndi kutchula masolofa, amene poyamba anali ongothandizira oimba kuloweza, kenaka Glass anaona kuti akhale momwemo. Aliyense amene anakhalapo pa pulakatisi ya kwaya, mphunzitsi akumenya tebulo ndi kandodo, mawu enieni a nyimbo asanalowe, amadziwa kukoma kwa nthawi imeneyo, pamene nyimbo ili mafupa okhaokha. Glass anatenga nthawi imeneyo n'kuiika pa siteji.

Atazungulira nayo ku Ulaya, mu Novembala chaka chomwecho anaionetsa kawiri ku Metropolitan Opera ku New York, ndipo masiku onse awiri holo inadzaza. Koma opera ndi chinthu chodya ndalama ngakhale mipando yonse itagulidwa. Iye ndi Wilson anatsala ndi ngongole yaikulu, ndipo Glass anabwerera pa chiwongolero. Amafotokoza kuti mayi wina wovala bwino atakwera takisi yake anawerenga dzina pa laisensi n'kumuuza kuti ali ndi dzina lofanana ndi la wopeka nyimbo wotchuka kwambiri. Glass anasiya maganyu mu 1978, ali ndi zaka 41.

Sindifuna kuikometsera mopitirira nkhani ya takisiyi. New York wa zaka zimenezo anali mzinda woopsa kwa oyendetsa takisi usiku, koma analinso wotchipa moti munthu ankatha kugwira ntchito masiku ochepa pa sabata n'kulipira lendi. Mzinda umenewo kulibenso. Komanso anthu aluso amene anayendetsa takisi nthawi imodzi ndi Glass anali ambiri, ndipo ochuluka anakalambira momwemo, nyimbo zawo zili m'katoni. Amene amasimbidwa ndi amene anatulukamo. Mnzanga wa magetsi uja amaimba bwino kuposa anthu ambiri amene ndinawamvapo, koma akaweruka amakhala atatheratu, ndipo palibe mzinda umene udzamutumizire kalata yomupempha opera.

Glass kalata yoteroyo inamupeza kuchokera ku Rotterdam, ndipo zotsatira zake zinali Satyagraha, yoonetsedwa koyamba mu 1980. Imakamba za zaka zimene Gandhi anakhala ku South Africa, kuyambira 1893 mpaka 1914: nyuzipepala ya Indian Opinion, kuwotcha ziphaso ku Johannesburg mu 1908, ulendo wa ogwira ntchito m'migodi ya malasha kuchokera ku Newcastle mu 1913. Mawu ake onse ndi a Chisanskrit, otengedwa mu Bhagavad Gita, ndipo gulu loimba lilibe malipenga kapena ng'oma. Kumapeto kwake Gandhi amaimba kamzere kamodzi ka manotsi okwera, kubwereza kambirimbiri, ndipo ndi imodzi mwa nyimbo zokoma kwambiri zimene ndikuzidziwa. Koma ndimaimvera ndi mtima wogawanika. Opera yonse ikuchitikira pa nthaka ya Africa, koma eni nthakayo mulibemo, ndipo munthu wakuda amene akuonekamo ndi Martin Luther King wa ku America. Ife amene tinaona mkangano wa chiboliboli cha Gandhi ku Blantyre mu 2018, mpaka khoti kuimitsa ntchitoyo, tikudziwa kuti zimene Gandhi analemba za anthu akuda ali ku South Africa si nkhani yakale yoiwalika. Glass anasankha woyera mtima, ndipo munthu weniweniyo anamusiya panja.

Kuchokera pamenepo ntchito inangoti mbwee. Koyaanisqatsi, filimu ya Godfrey Reggio yopanda wolankhula, inatuluka mu 1982, Akhnaten ku Stuttgart mu 1984. Symphony yake yoyamba anailemba mu 1992 ali ndi zaka 55, potengera chimbale cha David Bowie ndi Brian Eno, ndipo pano ali nazo zoposa 12. Ma opera ndi oposa 20. Nyimbo za mafilimu a Kundun, The Hours ndi Notes on a Scandal zinamufikitsa pa mndandanda wa opikisana pa mphoto ya Oscar, ngakhale sanaipate. Apa ndi pamene ine ndimayamba kung'ung'udza. Munthu amene anazolowera kuti oda ikabwera iyenera kutumizidwa sakana oda. Pali nyimbo zake zambiri za zaka zapakatizi zimene ukamva mphindi imodzi umadziwa zonse zotsatira, manotsi omwe aja okwera ndi kutsika, mawu achisoni omwe aja. Mu 1969 kubwereza kunali kulimba mtima, poti kunkakwiyitsa anthu. Pofika m'ma 2000 nthawi zina kunkangokhala chizindikiro cha kampani, chimene otsatsa malonda pa TV anachiphunzira n'kumachikopera. Sitolo ija inamuphunzitsa kusachita manyazi ndi ndalama, koma sinamuphunzitse kunena kuti lero tatseka.

N'chifukwa chake ndimabwerera kawirikawiri ku ma etude ake a piyano, amene alipo 20. Glass sanakule ngati woimba piyano wa mpikisano. Chida chimene anakula nacho chinali chitoliro, piyano anaigwira mochedwa, ndipo zaka zambiri ankaimba limba lamagetsi, limene silisamala kuti chala chagunda mwamphamvu kapena mofewa. Atayamba kuyenda yekha kumaimba piyano m'maholo, makamaka chitatuluka chimbale cha Solo Piano mu 1989, anaona poyera pamene zala zake zinkaperewera. Munthu wotchuka chotero akanatha kungolemba zimene manja ake amakwanitsa, ndipo anthu akanaombabe m'manja. Iye anayamba kudzilembera nyimbo zophunzirira, iliyonse yolimbana ndi chofooka chimodzi: ina manotsi obwerezedwa mofulumira ndi chala, ina kudumpha kwa dzanja, ina kuimba motsitsa osataya kugunda. Anayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, zingapo zinaperekedwa kwa mnzake Dennis Russell Davies pamene Davies ankakwanitsa zaka 50 mu 1994, ndipo khumi zoyambirira anazijambula yekha mu 2003. Panalibe filimu yozidikira. Kasitomala wamkulu anali iye mwini, bambo wa zaka za m'ma 50 wofuna kuimba bwinoko.

Khumi zachiwiri, zimene anamaliza mu 2012, n'zosiyana. Pofika apo anasiya kuyeza nyimbo ndi manja ake, n'kumalemba zimene mutu ukumva, ngakhale zitakhala zopitirira zala zake. Ya nambala 20 siyenda ngati Glass amene anthu amamuseka uja. Imayima, imakayika, imalowera kumene sumayembekezera. Ndipo munthu uja amene kale ankabisa manotsi ake kuti ena asaimbe, anasindikiza ma etude onse m'buku mu 2014 kuti aliyense agule. Maki Namekawa anajambula onse 20 chaka chomwecho, ndipo Víkingur Ólafsson wa ku Iceland anatulutsa ena mu 2017.

Ndazimvera mbali ndi mbali, chimbale cha Glass ndi cha Ólafsson. Palibe mpikisano. Ólafsson ali ndi zala zimene Glass sanakhalepo nazo, ndipo etude ya nambala 6, imene kwa mwini wake imamveka ngati munthu akukwera chitunda atasenza katundu, kwa iye imatuluka yowala, noti iliyonse payokha. Glass amathamanga pena, amachedwa pena, dzanja lamanzere limalemera. Pa makonsati a ma etude onse cha m'ma 2014 ankagawana pulogalamu ndi oimba piyano ena, iye n'kuimbako zochepa zimene ankazitha, zovutazo n'kusiyira achinyamata, ali ndi zaka 77.